Lee Van Cleef

Clarence LeRoy Van Cleef Jr. (9 Januwale 1925 – 16 Disembala 1989), wodziwika ndi dzina loti Lee Van Cleef, anali katswiri wa zisudzo wa ku United States amene anatchuka posewera mbali za zigawenga ndi za anthu ouma mtima, makamaka m'mafilimu a akauboyi. Pa zaka zoposa 35 anaoneka m'mafilimu ndi m'masewero a pa wailesi ya kanema oposa 170. Ankadziwika ndi maso ake aang'ono akuthwa, masaya olowa, mphuno yokhota ngati mlomo wa kabawi ndiponso mawu ake a besi.

Kuyambira mu 1952 mpaka mu 1965, ku Hollywood ankamupatsa mbali zing'onozing'ono, ndipo nthawi zambiri munthu amene iye ankamusewera ankaphedwa filimu isanathe. Ali ndi zaka 40, ntchito itamusowa, Sergio Leone wa ku Italy anamutenga kuti akasewere mu For a Few Dollars More (1965), kenako mu The Good, the Bad and the Ugly (1966). Mafilimu awiriwa anamusandutsa mmodzi mwa akatswiri ofunidwa kwambiri ku Ulaya.

Ubwana ndi usilikali

Van Cleef anabadwira m'tauni ya Somerville, m'chigawo cha New Jersey, m'banja limene makolo ake akale anachokera ku Netherlands. Anaphunzira pa Somerville High School, ndipo mu Seputembala 1942, ali ndi zaka 17, analowa m'gulu la asilikali a pamadzi a dziko la United States. Nthawi imeneyo nkhondo yachiwiri ya padziko lonse inali mkati.

Anagwira ntchito pa sitima yotchedwa USS Incredible, imene inkafufuza ndi kuchotsa mabomba otcheredwa m'nyanja. Ntchito yake inali yomvetsera pa makina ozindikira zinthu zimene zili pansi pa madzi. Sitimayo inayenda m'nyanja ya Caribbean ndi ya Mediterranean, inathandiza nawo pamene asilikali a mayiko ogwirizana ankalowa kummwera kwa France mu 1944, ndipo kumayambiriro kwa 1945 inakachotsa mabomba ku Black Sea, pafupi ndi doko la Sevastopol. Van Cleef anatuluka usilikali mu Malichi 1946.

Kulowa m'zisudzo

Atabwerera kwawo anagwira ntchito zosiyanasiyana, kuphatikizapo yowerengera ndalama mu ofesi. Zisudzo anaziyamba ngati chosangalatsa cha madzulo, m'kagulu ka anthu okonda masewero a pa siteji m'tauni ya Clinton, ku New Jersey komweko. Kumeneko anasewera mu Our Town ndi mu Heaven Can Wait. Anthu amene anamuona anamulimbikitsa kukayesa mwayi ku New York, ndipo anapatsidwa malo m'sewero lotchedwa Mister Roberts, lonena za moyo wa asilikali pa sitima ya pamadzi, limene ankalitsogolera anali Joshua Logan. Gulu la sewerolo linayendayenda m'mizinda yambiri ya ku America mpaka linafika ku Los Angeles.

High Noon ndi nkhani ya mphuno

Ku Los Angeles, Stanley Kramer, amene ankakonzekera kupanga filimu ya High Noon, anamuona pa siteji ndipo anamuitana. Kramer ankafuna kumupatsa mbali ya Harvey Pell, wachiwiri kwa mkulu wa apolisi wa m'tauni. Imeneyi inali mbali yaikulu ndithu, yokhala ndi zolankhula zambiri. Koma panali lamulo limodzi: Van Cleef akachititse opaleshoni yowongola mphuno, chifukwa nkhope yake inkaoneka yoopsa kwambiri kwa munthu wovala baji ya upolisi. Iye anakana. Mbali ya Pell inapita kwa Lloyd Bridges, ndipo Van Cleef anapatsidwa ya Jack Colby, mmodzi mwa zigawenga zinayi zimene zikufuna kupha Will Kane, munthu amene ankamusewera Gary Cooper.

Filimuyi, imene anaitsogolera Fred Zinnemann, inatuluka mu 1952. Colby salankhula liwu ngakhale limodzi kuyambira poyamba mpaka pamene akuphedwa. Komabe iye ndiye munthu woyamba kuoneka filimu ikangoyamba, atakhala yekha kutchire akudikira anzake. High Noon inayamikiridwa kwambiri ndipo Cooper anapata nayo mphoto ya Oscar. Kwa Van Cleef zotsatira zake zinali ziwiri: anadziwika kwa opanga mafilimu, koma anadziwika monga chigawenga chosafunika kulankhula zambiri.

Zaka 13 za mbali zing'onozing'ono

M'ntchito ya mafilimu muli kusiyana pakati pa mtengambali wamkulu, amene dzina lake limakopa anthu kugula matikiti, ndi osewera othandizira, amene amalembedwa ntchito chifukwa maonekedwe awo akuyenera mtundu wina wa munthu, monga dokotala, chidakwa, mkulu wa asilikali kapena wachifwamba. Wosewera wotere akachita bwino mbali imodzi, opanga mafilimu amamuitanira mbali yomweyo mobwerezabwereza. Kwa iwo zimenezi n'zosavuta: oonera akangoona nkhopeyo amadziwiratu kuti munthuyo ndi wotani, ndipo sipafunika kutaya nthawi kumufotokoza. Kwa wosewerayo ntchito imapezeka, koma malipiro amakhala ochepa ndipo mpata woonetsa luso lina sapatsidwa.

Panalinso chifukwa china chimene chinkachepetsa mbali za zigawenga. Kuyambira mu 1934, makampani a mafilimu ku Hollywood ankatsatira malamulo otchedwa Production Code, amene ankaletsa kuonetsa upandu ngati chinthu chopindulitsa. Wochita zoipa ankayenera kulangidwa, kumangidwa kapena kufa nkhani isanathe. Motero wosewera amene ankangopatsidwa mbali za zigawenga ankangogwira ntchito masiku ochepa pa filimu iliyonse, n'kupita kukafuna ina.

Umu ndi momwe zinamuyendera Van Cleef. Mu Kansas City Confidential (1952) anali mmodzi mwa achifwamba atatu olembedwa ganyu yothyola galimoto yonyamula ndalama, pamodzi ndi Jack Elam ndi Neville Brand, amenenso ankadziwika ndi mbali zoterezi. Mu The Big Combo (1955) anali Fante, mmodzi mwa anyamata awiri otumidwa kukapha anthu ndi bwana wa zigawenga. Mu Gunfight at the O.K. Corral (1957) anali Ed Bailey, amene Doc Holliday, womusewera Kirk Douglas, akumupha ndi mpeni kumayambiriro kwenikweni kwa filimu. Mu The Bravados (1958) anali mmodzi mwa othawa m'ndende anayi amene Gregory Peck akuwasaka, ndipo mu Ride Lonesome (1959) anali mdani wamkulu wa Randolph Scott. Mu The Man Who Shot Liberty Valance (1962), filimu ya John Ford, anali mmodzi mwa anyamata awiri oyenda pambuyo pa Lee Marvin, ndipo zolankhula zake zinali zowerengeka.

Mbali zosiyana ndi zimenezi zinali zochepa. Mu The Beast from 20,000 Fathoms (1953) anali msilikali wodziwa kulasa amene akuwombera chilombo kumapeto kwa filimu, ndipo mu It Conquered the World (1956) ya Roger Corman anali wasayansi wonyengedwa ndi cholengedwa chochokera kudziko lina.

Ndalama zambiri zodyetsera banja ankazipeza pa wailesi ya kanema. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950, nyumba zoulutsira kanema ku America zinali ndi masewero a akauboyi oposa 20 oonetsedwa mlungu ndi mlungu, ndipo gawo lililonse linkafuna mdani watsopano. Van Cleef anaoneka monga mlendo mu The Lone Ranger, The Rifleman, Laramie, Bonanza, Gunsmoke ndi Rawhide, komanso m'masewero a mtundu wina monga Perry Mason, The Untouchables ndi The Twilight Zone.

Ngozi ndi kusowa kwa ntchito

Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950, Van Cleef anachita ngozi yoopsa ya galimoto imene inamuvulaza bondo. Kwa munthu amene ntchito yake inkadalira kukwera hatchi, limeneli linali vuto lalikulu. Anachira n'kuyambanso kukwera, koma bondolo linamuvutitsa moyo wake wonse.

Pa nthawi yomweyo mafilimu a akauboyi otsika mtengo, amene ankalemba ntchito anthu ngati iye, anayamba kuchepa chifukwa anthu ambiri ankaonera nkhani zoterezi pa wailesi ya kanema kunyumba kwawo. Pambuyo pa 1962 sanaonekenso m'filimu yaikulu kwa zaka pafupifupi zitatu. Ankadalira maganyu a pa wailesi ya kanema, bizinesi yokongoletsa m'nyumba za anthu imene ankachita ndi mkazi wake wachiwiri, ndi kujambula zithunzi za penti zogulitsa.

Sergio Leone ndi ulendo wa ku Ulaya

Mu 1964, Sergio Leone anatulutsa A Fistful of Dollars, filimu ya akauboyi yopangidwa ndi ndalama zochepa ku Italy ndi ku Spain, mtengambali wake wamkulu ali Clint Eastwood. Filimuyo inapindula kwambiri ndipo inatsegula njira ya mafilimu ambiri amene anadzatchedwa Spaghetti Western, dzina lochokera ku chakudya chotchuka cha ku Italy. Pokonzekera filimu yachiwiri, Leone ankafuna munthu wachikulire woti aime pambali pa Eastwood. Akatswiri otchuka amene anawaganizira poyamba, monga Henry Fonda ndi Charles Bronson, sanapezeke. Leone, amene anaonera mafilimu ambiri a ku America, ankaikumbukira nkhope ya Van Cleef, ndipo mu 1965 anapita ku Los Angeles kukamufunafuna. Van Cleef anavomera pa malipiro a madola 17,000, pamene Eastwood analandira madola 50,000.

Mu For a Few Dollars More, Van Cleef anasewera Colonel Douglas Mortimer, msilikali wakale amene amasaka zigawenga kuti alandire mphoto zoikidwa pa mitu yawo. Mortimer amavala zakuda, amasuta kaliwo, ndipo amayenda ndi mfuti za mitundu ingapo atazikulunga pa hatchi yake. Amaoneka ngati zigawenga zonse zimene Van Cleef anasewerapo, koma kumapeto zimadziwika kuti iye sakufuna ndalama. Akusaka El Indio, womusewera Gian Maria Volonté, chifukwa ndiye anachititsa imfa ya mlongo wake. Atamupha, Mortimer akusiyira mnzake mphoto yonse n'kumapita. Aka kanali koyamba kuti Van Cleef atenge mbali yaikulu m'filimu yotchuka, n'kufika kumapeto ali moyo komanso ali kumbali ya chilungamo.

Kapangidwe ka mafilimu a ku Italy kankamuyenera. Pojambula sankatenga mawu nthawi yomweyo. Osewera ochokera m'mayiko osiyanasiyana ankalankhula aliyense chinenero chake, ndipo mawu ankawalowetsa pambuyo pake mu situdiyo, m'Chitaliyana, m'Chingerezi, m'Chijeremani kapena m'Chisipanishi. Chifukwa cha zimenezi zolankhula zinkakhala zochepa, ndipo nkhani inkayenda ndi nkhope, mayendedwe ndi nyimbo. Leone ankakonda kuyandikitsa kamera kwambiri mpaka chithunzi chonse n'kudzaza maso a munthu mmodzi, kwinaku nyimbo za Ennio Morricone zikulira. Wosewera amene anaphunzira kuopseza anthu osatsegula pakamwa kuyambira mu High Noon anali ndi zonse zimene njira imeneyi inkafuna.

Mu The Good, the Bad and the Ugly (1966), Leone anamubwezera ku uchigawenga, koma ulendo uno monga mmodzi mwa atengambali akuluakulu atatu, pamodzi ndi Eastwood ndi Eli Wallach. Anasewera Angel Eyes, amene m'Chitaliyana amatchedwa Sentenza, munthu wopha anthu polipidwa. Poyambirira pa filimu akudya chakudya m'nyumba ya munthu amene watumidwa kukamufunsa mafunso, kenako akumupha. Pambuyo pake akuphanso bwana amene anamutuma, chifukwa womwalirayo anali atamulipira kuti achite zimenezo. Nkhani yonse ndi yolimbirana golide wa madola 200,000 wokwiriridwa kumanda pa nthawi ya nkhondo yapachiweniweni ya ku America. Imathera pa manda a Sad Hill, amene anamangidwira filimuyi pafupi ndi Burgos ku Spain, pamene anthu atatuwo akuyang'anizana kwa mphindi zingapo asanasolole mfuti. M'zithunzi zoyandikira za dzanja lake m'chigawo chimenechi, zimaoneka kuti nsonga ya chala chake chapakati cha kudzanja lamanja inaduka.

Mafilimu onse awiri anafika m'nyumba zoonetsera kanema za ku United States mu 1967.

Mtengambali wamkulu ku Ulaya

Pambuyo pa mafilimu a Leone, dzina la Van Cleef linayamba kulembedwa pamwamba pa zikwangwani. Mu The Big Gundown (1967) ya Sergio Sollima anali Jonathan Corbett, wosaka zigawenga amene watumidwa ndi munthu wolemera kukagwira mmphawi wa ku Mexico wotchedwa Cuchillo, womusewera Tomas Milian. Pakati pa ulendo Corbett akuzindikira kuti mmphawiyo anangomunamizira mlandu pofuna kuteteza wachibale wa wolemerayo. Ambiri olemba za mafilimu amaiwerengera filimuyi pakati pa mafilimu abwino kwambiri a akauboyi a ku Italy amene sanapangidwe ndi Leone.

M'chaka chomwecho munatuluka Death Rides a Horse ya Giulio Petroni, mmene anasewera ndi John Phillip Law, ndi Day of Anger ya Tonino Valerii, mmene anasewera ndi Giuliano Gemma. M'mafilimu onse awiri iye ndi munthu wachikulire wodziwa mfuti amene akuphunzitsa mnyamata, ndipo mbiri yake yakale kapena dyera lake zimadzawayambanitsa. Mu 1969 anasewera mu Sabata ya Gianfranco Parolini, filimu yosakaniza kuwomberana ndi nthabwala. Pa filimu yotsatira, Adiós, Sabata, mbaliyo anaitenga Yul Brynner. Van Cleef anabwerera mu Return of Sabata (1971), ndipo mu 1972 iyenso anatenga mbali imene Brynner ankadziwika nayo, ya Chris, mu The Magnificent Seven Ride!

Ngakhale kuti tsopano ankalipidwa bwino ndipo nthawi zambiri ankakhala wopambana m'nkhani, mtundu wa munthu amene ankamusewera sunasinthe kwenikweni. Anali yemwe uja wa maso akuthwa, wosaseka wamba, wothetsa milandu ndi mfuti. Ku America anayesa mbali zazikulu mu Barquero ndi mu El Condor, onse a mu 1970, koma kutchuka kwake kwawoko sikunafike pamene kunafika ku Ulaya.

Chapakati pa zaka za m'ma 1970, chidwi cha anthu pa mafilimu a akauboyi a ku Italy chinayamba kuzilala, ndipo opanga mafilimu anayamba kuwasakaniza ndi mitundu ina imene inali pamsika. Mu The Stranger and the Gunfighter (1974), yopangidwa mogwirizana ndi kampani ya Shaw Brothers ya ku Hong Kong, Van Cleef anasewera ndi katswiri wa kung fu Lo Lieh. Mu Take a Hard Ride (1975) anasewera ndi akatswiri akuda a ku America, Jim Brown, Fred Williamson ndi Jim Kelly. God's Gun (1976) ndi Kid Vengeance (1977) anajambulidwa ku Israel.

Zaka zomaliza

Mu 1980 anasewera ndi Chuck Norris mu The Octagon. Chaka chotsatira John Carpenter, amene ankakonda mafilimu a Leone, anamupatsa mbali ya Bob Hauk mu Escape from New York. Hauk ndi mkulu wa apolisi amene akukakamiza mkaidi Snake Plissken, womusewera Kurt Russell, kukapulumutsa mtsogoleri wa dziko. Imeneyi ndiyo mbali yake yodziwika kwambiri ya m'zaka zomaliza.

Mu 1983 analandira mphoto ya Golden Boot, yoperekedwa kwa anthu amene anatumikira mafilimu a akauboyi. Mu 1984 anali mtengambali wamkulu wa sewero la pa wailesi ya kanema ya NBC lotchedwa The Master, monga John Peter McAllister, msilikali wakale wa ku America amene anaphunzira luso la ninja ku Japan. Anasewera ndi Timothy Van Patten ndi Sho Kosugi. Pa nthawiyi anali ndi zaka 59 ndipo ankadwala mtima, choncho zigawo zomenyana ndi zodumpha ankamuchitira anthu ena. Sewerolo linatha litangoonetsedwa magawo 13. Anapitiriza kuoneka m'mafilimu a nkhondo ndi achiwawa otsika mtengo, monga Code Name: Wild Geese (1984) ndi Armed Response (1986). Filimu yake yomaliza, Thieves of Fortune, inatuluka mu 1990 iye atamwalira kale.

Banja

Van Cleef anakwatira katatu. Ukwati woyamba, ndi Patsy Ruth Kahle, unachitika mu 1943 ali msilikali, ndipo m'banjamo munabadwa ana atatu. Ukwati wachiwiri, ndi Joan Drane, unayamba mu 1960 n'kutha mu 1974. Mu 1976 anakwatira Barbara Havelone, amene anakhala naye mpaka imfa yake.

Imfa ndi mbiri imene anasiya

Van Cleef anamwalira ndi matenda a mtima pa 16 Disembala 1989 ku Oxnard, m'chigawo cha California, ali ndi zaka 64. Analinso ndi khansa ya pakhosi. Anaikidwa ku manda a Forest Lawn Memorial Park ku Hollywood Hills, ndipo mawu a pa chiliza chake amamutchula kuti anali wopambana mwa oipa, potengera mbali zimene ankasewera.

Nkhope yake inapitiriza kugwiritsidwa ntchito ngati chizindikiro cha munthu woopsa wa mfuti. Elliot Belt, wosaka zigawenga m'mabuku a zithunzi a Lucky Luke, anajambulidwa motengera iye. N'chimodzimodzinso Revolver Ocelot wa m'masewera a pa kompyuta a Metal Gear Solid ndi Cad Bane wa mu Star Wars: The Clone Wars. Ku Jamaica, kumene mafilimu a akauboyi a ku Italy ankakondedwa kwambiri, woimba King Stitt anatulutsa nyimbo yotchedwa ndi dzina lake mu 1969, ndipo woimba wina wa dancehall anadzatenga dzinalo kukhala lake la pa siteji.

Olemba mbiri ya mafilimu amatchula Van Cleef pamodzi ndi Charles Bronson monga osewera othandizira a ku Hollywood amene anafika pokhala atengambali akuluakulu atadutsa kaye ku Ulaya. Mphuno imene Stanley Kramer anafuna kuti iwongoledwe sanaisinthe mpaka imfa yake.

Ena mwa mafilimu ake

High Noon (1952), monga Jack Colby
Kansas City Confidential (1952), monga Tony Romano
The Big Combo (1955), monga Fante
Gunfight at the O.K. Corral (1957), monga Ed Bailey
Ride Lonesome (1959), monga Frank
The Man Who Shot Liberty Valance (1962), monga Reese
For a Few Dollars More (1965), monga Colonel Douglas Mortimer
The Good, the Bad and the Ugly (1966), monga Angel Eyes
The Big Gundown (1967), monga Jonathan Corbett
Death Rides a Horse (1967), monga Ryan
Day of Anger (1967), monga Frank Talby
Sabata (1969), monga Sabata
Take a Hard Ride (1975), monga Kiefer
Escape from New York (1981), monga Bob Hauk